Yankho kwa alamu pa za chipereganyu m'mwezi wa Ramadhan

Assalaam alaikum alamu, ndi nonse amene muli pagulu pano. Kulemba kunditalikira, ndingolankhula. Alamu, mwati pa chipereganyu chanu cha amalonda chija inu ndinu msungichuma, ndiye poti Ramadhan, mwezi womanga (kusala kudya masana), yayandikira ena akuti kusonkha kuime kaye mwezi wonse, ena akuti mutapeko m'thumba mugulire chakudya anthu omasula kusala kwawo madzulo kumzikiti, ndiponso mwafunsa ngati ndalama za gulu zimatulutsidwa zakaat, chopereka chokakamizidwa cha pa chuma cha Msilamu. Ndayesa ndi zimenezo eti?

Za kuimitsazo ine ndikukana. Taonani kaye amene akufuna kuimitsawo ndi ndani. Ndikhulupirira ndi ogulitsa zakudya masana, ndipo sakunama, anthu akamanga makasitomala amachepa, kandalama kamayamba kuoneka dzuwa likamalowa. Koma m'gulu lomwelo muli telala, muli wogulitsa nsalu, wa nsapato. Kwa iwowo imeneyi ndiye nyengo yomwe amaidikira chaka chonse, ndipo mpamba akuufuna panopa, mwezi usanaoneke kapena sabata yoyamba, kuti aode katundu mitengo isanakwere. Telala mukampatsa ndalama kutatsala masiku atatu kuti Eid, chikondwerero chotsekera kumanga, ifike mwachedwa naye, ntchito adaikana kale chifukwa analibe zipangizo. Ndiye khalani pansi musinthe mndandanda wa olandira. A zovala alandire koyamba, a zakudya alandire kumapeto kapena Eid ikadutsa, pamene malonda awo abwerera. Ngati mumasonkha tsiku ndi tsiku, mwezi umenewu muzisonkha pa sabata, wa zakudya uja apeze mpata wotolera za madzulo.

Koma apa mumvetsetse alamu. Amene inali nthawi yake yolandira avomere yekha, pamaso pa onse, asachite kuuzidwa kuti tagwirizana kale. Ndipo pasapezeke woti ndisiyire malo ako ndikupatsa kenakake. Chipereganyu ndi ngongole yobwerekana, wasonkha zingati ulandira zomwezo. Mukangoikapo kapamwamba mwalowa mu riba, katapila yemwe uja, mwezi woti mukufuna thawabu, mphotho ya kwa Mulungu. Chindapusa cha wochedwa kusonkha nachonso chimodzimodzi, ma sheikh ambiri amachikana chifukwa ndi ndalama yoonjezera pa ngongole, ndipo amene amalola amati chipite kwa osauka, chisagawidwe kwa mamembala. Wochedwachedwa mungomubweza kumapeto kwa mndandanda, zimenezo zimawawa kuposa chindapusa.

Chinanso, musalembe m'malamulo anu kuti mwezi wakuti wa pakalendala tizisintha. Ramadhan imatsata mwezi wakumwamba, chaka chilichonse imafulumira ndi masiku 10 kapena 11, ndiye mungolemba kuti kukatsala mwezi umodzi kuti tiyambe kumanga, tizikumana kukonza mndandanda.

Tsopano za chakudya cha omasula. Maganizowo ndi abwino, koma ndalama zili m'manja mwanuzo si zanu, si za wapampando, ndi amana, zinthu zongosungitsidwa kwa inu, chilichonse chili ndi mwini wake amene akuchiwerengera. Mwina m'gulumo muli ena oti si Asilamu, kapena Msilamu yemwe amene mwezi uno zamuthina, akuchita manyazi kukana pagulu poopa kuoneka woumira. Sadaka yochita kumulanda munthu mwaulemu imeneyo ine sindiikonda. Tsegulani thumba lina lapadera, kope lakenso lina, wofuna aponyemo zomwe wakwanitsa, ndipo asunge munthu wina, osati inu. Ndalama ziwirizi zikangogona m'chikwama chimodzi kapena pa nambala imodzi ya foni, pofika Eid simudzadziwa kuti yapita kumzikiti ndi iti.

Zakaat ija, gulu la chipereganyu silitulutsa ngati gulu. Aliyense awerengere chuma chake. Aphatikize ndalama zomwe ali nazo, katundu wogulitsa pa mtengo wa lero, ndi zomwe wasonkha kale ku gulu koma sanalandire, chifukwa imeneyo ndi ngongole yomwe akuyembekeza kubwezeredwa. Makina osokera, sikelo, mashelefu, zimenezo sizilowa, ndi zida zogwirira ntchito. Zonse pamodzi zikafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo zakhala chaka chathunthu cha Chisilamu, atulutse 2.5 peresenti, kunena kuti pa 40 iliyonse imodzi. Amene analandira kale ndipo akubwezabe, pa nkhani yochotsera ngongoleyo ma sheikh amasiyana maganizo, ndiye ameneyo akafunse sheikh amene amamutsatira. Ndipo zakaat imeneyi siidikira Ramadhan, imatsata tsiku lomwe chaka cha chuma chako chakwana, kungoti ambiri anazolowera kutulutsa mwezi umenewu. Ya Ramadhan yeniyeni ndi zakaatul fitr, ya munthu aliyense wa m'nyumba, yoperekedwa swala (pemphero) ya Eid isanachitike. Imeneyo aliyense aone kunyumba kwake, isakhudze thumba la gulu.

Kulemba, alamu, musatope nako. Ayah (ndime) yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Surah Al-Baqarah 282, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni, ndiye wina akamati bwanji kodi simukutikhulupirira, mumuuze zimenezo. Wosonkha asaine, wolandira asaine, mboni ziwiri zione. Wotumiza pa foni atumizenso uthenga wotsimikiza uja pagulu lanu, pasakhale zoti ndinakupatsirani panjira tikuchokera ku taraweeh, mapemphero a usiku a m'Ramadhan, nthawi imeneyo mutu uli ku tulo ndipo mudzakangana.

Msonkhano muuike m'mawa anthu adakali ndi mphamvu. Cha m'ma asr, dzuwa litapendeka, munthu wanjala sachedwa kupsa mtima, nkhani yaing'ono imakula. Ndipo zonse zogawana zithe masiku 10 omaliza asanafike, chifukwa pamenepo ena amakhala ali pa itikaaf, kubindikira kumzikiti, atelala ali pa makina usiku wonse, simudzapeza munthu.

Munditumizire kumbali mndandanda wa mamembala, osalemba maina, mungoti uyu amagulitsa chakuti ndipo amayenera kulandira tsiku lakuti, tiuone limodzi usiku uno musanapite nawo ku msonkhano.