Digiri ya nthano iliko, ndipo si yamasewera

Mwa makalata amene andifika pa imelo mwezi uno, pali imodzi yomwe yakana kuchoka m'mutu mwanga. Walemba ndi mtsikana wa Folomu 4 wa cha ku Goliati ku Thyolo. Akufuna kudziwa zimene zimafunika kuti munthu akaphunzire ku yunivesite za nthano, miyambo, magule ndi zinthu zimene anthu wamba amasangalala nazo masiku ano. Kumapeto kwa kalatayo anawonjezera kuti malume ake, amene amamulipirira fizi, anamuuza kuti ndalama zawo za tiyi sangazitayire digiri ya nthano.

Mng'ono wanga, yankho lilipo ndipo ndikupatsa. Koma mawu a malume akowo anditokosa pachilonda, chifukwa inenso ndinawamva ndili msinkhu wakowo, kungoti kwa ine anachokera kwa bambo anga.

Ine ndinakulira ku Mulanje, mbali ya ku Likhubula, pakhomo pa agogo anga akuchikazi. Nyengo yoyanika makaka, madzulo tikatha kudya, ankatikhazika pansi kuti tiziwathandiza kusenda chinangwa, iwo n'kuyamba: “Padangokhala.” Ife: “Tilitonse.” Nthano ankaikamba m'Chichewa, koma ikafika pa nyimbo ankatembenukira ku Chilhomwe, ife n'kumavomera mawu amene sitinkawamva n'komwe. Akaona kuti “tilitonse” wathu wayamba kufooka ndi tulo, ankalekeza pomwepo, mpeni uli m'manja, Kalulu ali pakati pa mtsinje. Panalibe kuwanyengerera. Mathero tinkawamva mawa lake, komanso pokhapokha mmodzi wa ife atabwereza bwinobwino kuchokera pachiyambi mpaka pamene iwo analekezera. Wolumpha nyimbo ankamubweza.

Za phiri sankazikamba ngati nthano. Mawu ankatsika. Ankatiuza kuti ukasochera kumtunda n'kupeza chakudya chokonzakonza, udye mwakachetechete, usaitane mnzako, usafunse amene waphika. Ankatiuza za Dziwe la Nkhalamba, za anthu aafupi amene ankakhala m'phirimo makolo athu asanafike, za Sapitwa kumene munthu sapitako mwachibwana. Mu 1991 madzi ndi miyala zitakokolola midzi ku Phalombe, agogo sanadabwe. Anangoti Napolo wadutsa, ndipo anatchula malo amene makolo ankaletsa kumangapo nyumba. Mu 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri, dzina lomwelo linabweranso pakamwa pa anthu, achinyamata omwe.

Ku sekondale zinthu zinatembenuka. Tinali ndi mphunzitsi wina amene ankapereka chibalo akakumva ukulankhula Chichewa, ndipo mnzathu wina atatulutsa liwu la Chilhomwe m'kalasi, anamuimiritsa kutsogolo kuti timuseke. Nditakhoza mayeso, ndinauza bambo kuti mtima wanga uli pa zinenero ndi nzeru za makolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Mwanawe, nthano agogo ako amakukambira ulere. Ukufuna ndigulitse mbuzi kuti ukamve zomwezo ku Zomba?” Sindiwaimba mlandu. Anali munthu amene msana wake unapindika ndi dengu la tiyi, ndipo ankafuna mwana wake adzagwire ntchito atakhala pampando. Ndinaphunzira zowerengera ndalama, ndipo ndi zimene zimandidyetsa mpaka lero. Agogo anatisiya ndisanamalize maphunzirowo. Palibe nyimbo yawo ngakhale imodzi imene inajambulidwa. Ndimakumbukira chuni, koma mawu ndilibe, ndipo pamudzi pathu palibenso woti ndimufunse.

Zoti Chilhomwe chikuzimirira sizinangochitika zokha. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, pothawa nkhanza, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ambiri ali kale m'manja mwa azungu a maesiteti, ndipo anakhala pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Anapatsidwa dzina lonyoza limene sindikufuna kulilemba pano. Munthu wonyozedwa chotero amabisa lilime lake, ndipo ana ake amakula osalidziwa. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika ku Chonde mwezi wa Okutobala wachotsa manyazi ambiri, ndipo ine ndimauyamikira. Koma tsiku limodzi pachaka silingasenze ntchito yonse. Pakufunika anthu oti akhale pansi ndi nkhalamba miyezi yathunthu, kujambula, kulemba, kufunsa tanthauzo la liwu lililonse la nyimbo ya kuthezo kapena yapamtondo. Ntchito imeneyo ili ndi luso lake, ndipo lusolo limaphunziridwa.

N'chifukwa chake ine ndimakana kwamtuwagalu munthu akamati maphunzirowa ndi a anthu olephera masamu. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba gule wathu wa tchopa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu apadziko lonse. Gule Wamkulu ndi Vimbuza analowamo mu 2008, nsima yathuyi mu 2017. Mu 2025 phiri la Mulanje linalembedwa kukhala malo otetezedwa apadziko lonse, ndipo chimene chinalemera pa chigamulocho ndi ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amapereka ku phirilo ngati malo a mizimu. Kodi mukuganiza kuti zikalata zopita kumeneko zinadzilemba zokha? Panali anthu amene anafotokoza kuti tchopa amavinidwa pokondwerera zokolola, alenje akabwera ndi nyama, ndiponso popereka nsembe kwa makolo kukagwa chilala kapena mliri. Kuti ng'oma zake zimakhala zitatu zosiyana kukula. Kuti ovina ena amabereka mitolo ya zikopa, makasu ndi ziwiya zakale kumsana. Ife tonse tinaonapo tchopa. Koma kumufotokoza moti munthu wa ku Paris amvetse, popanda kumunamizira kapena kumuchepetsa, si aliyense angathe.

Ndipo nkhaniyi isamangothera pa magule ndi zosangalatsa. Amene muli ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mukukumbukira za anamapopa mu 2017. Mphekesera inayenda mudzi ndi mudzi, anthu n'kumagona panja m'magulu, misewu n'kutsekedwa ndi miyala, alendo n'kumenyedwa, ena mpaka kuphedwa. Ogwira ntchito zaumoyo ndi a mabungwe anaopa kulowa m'midzi. Zomwezo zinachitikanso cha mu 2002. Akuluakulu anabwera ndi zimkuzamawu kudzauza anthu kuti anamapopa kulibe, ngati kuti mantha amatha ndi chilengezo. Mafunso ofunika anali ena. N'chifukwa chiyani mphekeserayi imabwerera kumadera omwewa? N'chifukwa chiyani oganiziridwa amakhala alendo, olemera ndi a magalimoto? Kodi dera limene anthu ake akhala akutuluka thukuta m'minda ya eni kwa mibadwo ingapo, ndi zodabwitsa kuti amakamba za anthu oyamwa magazi? Amene amafunsa mafunso oterewa mwadongosolo ndi anthu ophunzira zimene iwe ukufunazi. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti tikanakhala nawo ambiri, oti boma liziwamvera, miyoyo ina ikanapulumuka.

Mbali ya zamakono nayo ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Ukaima pa Luchenza kapena pa Chitakale tsiku la msika, werenga mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi ndi pa njinga za kabaza. Ena ndi mapemphero, ena ndi zotukwana mnansi wanjiru mosatchula dzina, ena ndi miyambi yakale yovekedwa malaya atsopano. Mvetsera mmene mkulu woyendetsa perekaniperekani amaitanira akuchimuna ndi akuchikazi, kuwanyadira ndi kuwatokosa mpaka atulutse ndalama. Onera achinyamata a nthabwala pa TikTok, ona mmene uthenga wa maliro umayendera pa WhatsApp mfumu isanatumize mwana. Zonsezi anthu amalemba nazo kafukufuku, ndipo ndi pamene umaonera maganizo enieni a Amalawi, osati m'zolankhula zapamsonkhano.

Zofunika kuti ulowe

Khomo lake ndi lomwe aliyense amalowera. Pamayeso a MSCE upeze makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Kirediti ndi giredi yoyambira 1 mpaka 6. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo akachepa mwayi umakula, chifukwa malo ndi ochepa. Chichewa ndi History uzigwire mwamphamvu, koma Chingerezi usachitaye ngakhale pang'ono. Ambiri okonda za chikhalidwe amagwera pomwepo. Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa ndi bungwe la NCHE. Likatulutsa chilengezo, werenga mzere ndi mzere, chifukwa pulogalamu iliyonse amailembera maphunziro ake amene akufuna kuti ukhale utakhoza.

Pa fomupo uyang'ane maina awa. Pafupi ndi kwanu pomwepo, pa Ndata, yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014 ili ndi Bingu School of Culture and Heritage, komwe kuli madigiri a Indigenous Knowledge Systems and Practices, African Musicology, komanso Language, Communication and Culture. Ku Zomba, ku University of Malawi imene kale tinkaitcha Chancellor College, kuli Bachelor of Arts in Humanities, ndipo mkati mwake mumapezeka zinenero za mu Africa, zolembalemba, zisudzo ndi nyimbo. Madigiriwa ndi a zaka zinayi, ndipo chaka chomaliza umachita kafukufuku wakowako. Za fizi, kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ndi ngongole, idzabwezedwa ukayamba ntchito, koma ingapeputse malume.

Za ntchito sindikunamiza. Siidikira munthu pageti, ndipo masiku ano ngakhale a digiri ya zamalonda akuyenda ndi maenvulopu m'tauni. Koma makomo alipo: uphunzitsi, wailesi, nyumba zosungira zakale monga ya ku Chichiri, nkhokwe ya zikalata za boma ku Zomba, zokopa alendo kuphiri kuno, ndi mabungwe amene amafuna munthu wodziwa kulankhula ndi mudzi popanda kuunyoza. Malume ako ndi mwinimbumba, usawayankhe mwamwano ndipo usawapite kumbali. Uwatengere maina a madigiriwa atalembedwa papepala, ndipo ngati pasukulu panu pali mphunzitsi amene amakukhulupirira, umupemphe akalankhule nawo ngati akulu okhaokha.

China chimene sichilembedwa pa fomu ndi ichi: usadikire yunivesite kuti uyambe. Tchuthi chikubwerachi, bwereka foni yojambula mawu, upite kwa gogo wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu. Upite ndi kasopo kapena kashuga, monga timachitira pokaona akulu. Uwauze chimene ukufuna ndi kumene mawu awo adzapite, ndipo akakana usakakamize. Za kuchinamwali ndi zina zamwambo zimene akuuza kuti si zotulutsa, zisiye pomwepo, ngakhale zitakhala zokoma chotani. Wofufuza woulula zinsinsi za eni amatsekera khomo onse obwera pambuyo pake. Lemba m'kope tsiku, mudzi, ndi chinenero chimene alankhula. Nyimbo ya Chilhomwe uwapemphe aibwereze pang'onopang'ono, akumasulire mzere uliwonse, ndipo ulembe mmene ainenera, osati mmene iwe ukufunira kuti imveke. Ukatha uwamvetsere mawu awo pafonipo, ndiponso usungire achibale awo kope lina.

Zotsatira za MSCE zikatuluka undilemberenso, unditumizire mapointi ako ndi chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho, tidzaone limodzi pulogalamu yoti uike poyamba ndi yoti uike pachiwiri.