Kwa achemwali amene afunsa ngati ife osapemphera timakananso ufiti

Achemwali, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwafunsa kuti: "Inu amene munasiya tchalitchi ndi mzikiti, kodi ndi ufiti womwe mumaukana? Nanga nkhalamba zimene zimapezeka mbulanda m'mamawa pakhomo pa eni zitagwa m'ndege, mumati n'chiyani?" Mundipirire, ndiyankha motalikirapo, chifukwa nkhani imeneyi inalowapo m'nyumba mwathu.

Ndiyambe ndi mawu amene anzanga ena osapemphera sakonda kumva. Kusiya kupemphera ndi kusiya kuopa ufiti sizichitika tsiku limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti opanda chipembedzo m'Malawi muno ndi anthu awiri okha pa 100 aliwonse, pomwe kafukufuku wa Afrobarometer wa 2022 anaonetsa kuti pafupifupi atatu mwa anayi amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo. Tonse tinakulira m'mantha amodzimodziwo. Ndikudziwa anthu amene anakangana ndi abusa pa nkhani ya chakhumi n'kusiya tchalitchi, koma mphini zili m'chiuno, nyumba anatsirika, ndipo ndalama ya kasitomala wachilendo amaiika payokha kuopa chitaka. Ndikudziwanso akhristu ndi asilamu okhazikika amene sangalole kuti nkhalamba ilozedwe chala iwo ali pomwepo. Choncho sindingayankhire osapemphera onse. Ine ndekha, inde, sindikhulupirira kuti munthu angakwere lichero n'kuuluka, kapena kutumiza mphenzi, kapena kusanduka fisi. Ndipo sikuti ndinawerenga buku lina lake n'kusintha. Anandisintha ndi malume anga ndi agogo anga aang'ono.

Ndili fomu 3, malume anagwa kudimba akuthirira masamba. Atawanyamula, pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja zitalefuka, mawu osatuluka bwino. Mudzi wonse unangoti amenyedwa hamala. Palibe amene anaganiza za chipatala, poti matenda a hamala amati jakisoni akangolowa munthu amapita. Anathamangira nawo kwa sing'anga, ndipo anakhalako masiku atatu. Sing'angayo sanatchule dzina la munthu. Anangoti wachita izi ndi mayi wachikulire, wamagazi anu omwe, amene munasemphana naye mawu pa za malire a munda. Achemwali, tandiuzani banja la kumudzi limene lilibe mayi wachikulire wotero. Ife tinali naye: mng'ono wawo wa agogo, wamasiye, wokhala yekha, wamaso ofiira chifukwa cha utsi wa kukhitchini wa zaka zambirimbiri.

Tsiku lachinayi, zinthu zitafika poipa, anapita nawo kuchipatala. Adokotala atayeza anati BP yakwera kwambiri, ndipo iyi ndi sitiroko. Anafotokoza kuti mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, mbali ina ya ubongo imasowa magazi, ndipo poti mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa thupi lakumanja, n'chifukwa chake munthu amafa mbali imodzi ngati wamenyedwa ndi chinthu. Malume anali akudandaula mutu kwa miyezi, koma BP sanayezetsepo chibadwire. Anamwalira patatha sabata ziwiri.

Mawu a adokotala anathera kuchipatala konko, kumudzi kunafika a sing'anga. Pamaliro agogo aja anakhala okha pansi pa mtengo wa mango, opanda wowapatsa moni. Pamjigo amayi ankachotsa ndowa zawo iwo akafika, mpaka anayamba kukatunga madzi kusanache. Tsiku lina anandiitana pa dzina la mfunda wanga monga ankachitira kale, atanyamula mbale ya futali wotentha. Ndinabweza manja kumbuyo. Anaima kanthawi akundiyang'ana, kenaka anavundikira mbaleyo ndi nsonga ya chitenje n'kubwerera m'nyumba mwawo osanena kanthu. Anthu amenewa ndi amene anandibereka kumsana amayi ali kumunda.

Kuchokera pamenepo, ndikamva nkhani ya ufiti ndimayamba ndafunsa kuti waona ndi maso ake ndani, osati wamva kwa yani. Ndimafunsanso ngati chinthucho sichichitika kwina kumene kulibe wolodza. Koma funso limene limandivutitsa kwambiri ndi lakuti chala chikuloza ndani. Muone bwino, kawirikawiri sichiloza bwana wa galimoto kapena munthu wa ana amuna asanu amphamvu. Chimaloza nkhalamba, wamasiye, wosabereka, wodwala misala, wakhunyu, mwana wamasiye amene akulemera anthu pomusunga.

Tibwere ku nkhalamba ya mbulanda mwafunsayo. Pali matenda a ukalamba amene amawononga ubongo pang'onopang'ono, moti munthu amaiwala njira ya kwawo, mayina a ana ake, ngakhale kuvala. Odwala matendawa amasokonezeka kwambiri kukada, ndipo ambiri amadzuka usiku n'kumangoyenda. Kumayiko kumene nkhani ya ndege za ufiti kulibe, nkhalamba zotero zimapezekanso zikuyendayenda usiku zitavula, ndipo apolisi amazibwezera kwa abale ake. Kuno tikaipeza m'mawa, yozizidwa, yosadziwa kumene ili, timaizungulira ndi miyala. Tikaifunsa kuti wachokera kuti, imatchula mudzi wakutali umene inabadwira, chifukwa zakale ndi zimene zimatsalira m'mutu, ife n'kumati mwamva, yauluka kuchokera kutali. Munthu wagwa kuchokera m'mwamba, koma fupa ngakhale limodzi losathyoka? Lero mafoni a kamera ali m'thumba la aliyense, alonda ali maso usiku wonse m'matauni, koma zithunzi zonse zimene timatumizirana ndi za gogo atakhala pansi pambali pa lichero, palibe cha gogo ali m'malere. Mudzati nanga bwanji ena amavomera okha. Munthu wosokonezeka mutu, gulu litamuzinga ndi zibonga, amavomera chilichonse chimene akumuuza. Ana nawonso akafunsidwa mobwerezabwereza ndi akuluakulu okwiya amayankha zimene akuona kuti zikufunidwa.

Chinanso chimene ambiri amanditsutsa nacho ndi kukanikizidwa usiku. Chimenechi ndimachidziwa chifukwa chinandichitikira kangapo: maso ali tseguke, chinthu cholemera chakhala pachifuwa, ukufuna kukuwa mawu osatuluka, pakhomo pakuoneka ngati paima munthu. Mantha ake si amasewera. Koma tikamalota, ubongo umazimitsa minofu ya thupi kuti tisamachite zimene tikulotazo. Nthawi zina munthu amadzidzimuka minofu isanamasuke, maloto asanatheretu, ndiye umaona chipinda chako chenicheni chitasakanikirana ndi maloto. Zimachitika kwambiri ukagona chagada, ukatopa kapena ukakhala ndi nkhawa, ndipo zimachitikira anthu a mitundu yonse. Aliyense amaona chimene anakula akuchiopa. Ife timaona mfiti, ndipo m'mawa timayamba kuganiza kuti nkhope ija ikufanana ndi ya yani.

Kumene mantha amenewa amatifikitsa tinakuona tonse. Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu anapha nkhalamba zinayi za m'banja lomwelo poziganizira kuti ndizo zinatumiza mphenziyo. Inali nyengo ya mvula, pamene mphenzi zimagwa paliponse, pa mitengo, pa ng'ombe, pa anthu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anamutentha ku Blantyre. A United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena, ndipo azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo. Namapopa ngakhale mmodzi sanagwidwe ndi chopopera chake. Mphekesera yomweyi inalipo mu 2002 ndi 2003, mpaka anthu anagenda a Eric Chiwaya amene anali gavanala wa chipani cholamula mu Blantyre. Imabwera, imapha anthu, imazilala, ndipo palibe amene amabwerera kukapepesa kwa ofedwa.

Musandimve molakwa ngati ndikuti kunja kuno kulibe anthu oipa. Alipo. Nsanje ilipo, ndipo munthu akhoza kukuthirira tameki m'chakudya. Koma tameki ndi poizoni, amapezeka akayeza mtembo, ndipo wothirayo akhoza kuimbidwa mlandu ndi umboni. Amene amapha abale athu achialubino, monga anachitira ndi MacDonald Masambuka wa ku Machinga mu 2018, ndi zigawenga zenizeni zogwira mipeni yeniyeni. Chabodza ndi chakuti m'mafupa a munthu muli chuma. Alipo amene amakumba manda, amene amasunga nsupa ndi nyanga, amene amadzitcha okhwima kuti anthu aziwaopa. Zochita zawozo n'zoona, koma mphamvu imene amati ali nayo sindinaione. Ngakhale za mitengo sindizinyoza. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo, ndipo mankhwala ena a mu LA amene timamwa tikadwala malungo anachokera ku chitsamba chimene a ku China ankachigwiritsa ntchito kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewo anayesedwa pa anthu ambiri, mlingo wake unadziwika, ndipo amagwira ntchito kaya ukhulupirire kaya usakhulupirire. Sing'anga wondipatsa muzu wa m'mimba ndikhoza kukhala naye pansi. Woombeza ula n'kunditchulira wondilodza ndiye ayi. Tisaiwalenso 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe poti umachiza Edzi. Anamwa, ndipo maliro sanaleke mpaka ma ARV atafika.

Za malamulo ndingodutsamo mwachidule. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kumwetsa mwavi, kunena munthu kuti ndi mfiti, ndiponso kudzitcha mfiti. Komabe cha m'ma 2010 anthu oposa 80, ambiri a iwo okalamba, anali m'ndende pa milandu yokhudza ufiti, ndipo a George Thindwa ndi bungwe lawo la anthu osatsata chipembedzo la Association for Secular Humanism ndi amene anayenda m'ndendemo kumenyera kuti atuluke. Mu 2021 komishoni yapadera younika lamuloli inapempha kuti malamulo avomereze kuti ufiti ulipo. Ine maganizo amenewo amandiopsa. Kodi woweruza adzalandira umboni wanji? Maloto a mwana? Mawu a sing'anga amene walipidwa ndi wodandaula? A Thindwa omwewo analengeza poyera kuti apereka ndalama kwa aliyense amene angawalodze, koma palibe anatenga ndalamazo. Mukauza anthu zimenezi amayankha kuti ndiye kuti mkuluyo ndi wokhwima kuposa onse. Taonani mmene nkhaniyi imadzitsekera zitseko zonse: ukadwala akulodza, ukapanda kudwala ndiwe wokhwima, ukavomera ndiwe mfiti, ukakana ndiye mfiti yeniyeni poti mfiti sivomera. Agogo anga akanati chiyani kuti anthu awakhulupirire?

Ndisakunamizeni kuti mantha anatheratu. Kadzidzi akalira padenga usiku, thupi limachitabe tsembwe, chifukwa zimene unamva uli pamsana pa amayi sizichoka ndi maganizo okha. Ndimangodzikumbutsa kuti mbalameyo yabwerera makoswe a m'nkhokwe, n'kugona. Ndipo ndimamvetsa chifukwa chake anthu amafuna wolodza. Mwana wako akamwalira ndi malungo aakulu dzulo lake akusewera, mawu akuti ndi udzudzu sakwanira kukula kwa ululu umene uli mumtima. Mtima umafuna munthu woti umukwiyire. Sindiseka munthu wolira chotero, ndipo anzanga osapemphera amene amatukwana anthu kuti ndi mbuli amandikhumudwitsa, chifukwa palibe amene anasiya mantha chifukwa chonyozedwa.

Sindikukupemphani kuti musiye kupemphera, achemwali, imeneyo ndi nkhani ya inu nokha. Pempho langa ndi laling'ono. Wina akagwa pakamwa n'kukhota, dzanja n'kulefuka, pezani galimoto kapena kabaza ola lomwelo mupite kuchipatala, mapemphero muzichita muli m'njira. Makolo anu muziwayezetsa BP ngakhale sakudwala. Ndipo mukadzapeza gogo ali mbulanda pakhomo panu m'mawa, mufundikeni chitenje, mulowetseni m'nyumba anthu asanasonkhane, mupatseni phala, kenaka muitane amfumu kapena apolisi kuti afufuze abale ake.

Agogo anga aang'ono anakhala zaka zina zinayi m'kanyumba kaja. Pamene ndinkazindikira zimene tinawachita n'kuti ndili kutauni, ndipo ndinkangoti ndikapita pa Khirisimasi ndikakhala nawo pakhonde tidye limodzi. Anamwalira mu Okutobala, ndipo anawapeza patapita masiku awiri chifukwa panalibe amene ankalowa m'nyumba mwawo.