Mwana akamapitirira msinkhu wa mkulu wake amene adamwalira

Mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba wanditumizira kalata pa imelo, ndipo wandilola kuyankha poyera popanda kutchula dzina lake. Mwana wake woyamba, wamkazi, adamwalira ali ndi zaka 9, ndipo mng'ono wake, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 4, akukwanitsa zaka 10 chaka chino. Mayiyo akuti akafuna kuyamika Mulungu chifukwa cha mwana amene akukulayu mawu amamuthera pakhosi, popeza amaona ngati kuyamikako ndi kuiwala amene adapita. Akudabwanso kuti mwanayo, amene adakhala duu zaka zonsezi, wayamba tsopano kufunsa za imfa ya mkulu wake.

Amayi, ndiyamba ndi za mafunso a mwanayo. Nthawi zambiri mwana wa zaka 4 sazindikira bwino kuti womwalira sabweranso. Katswiri wa zamaganizo wa ku Hungary, Maria Nagy, atacheza ndi ana ambiri a ku Budapest, adalemba mu 1948 kuti ana aang'ono kwambiri amaona imfa ngati tulo kapena ulendo, ndipo ambiri amafika pomvetsa kuti imfa ndi ya aliyense komanso yosabwerera akamafika zaka pafupifupi 9. Choncho mwana wanu akulira lero maliro amene sakanatha kulira kale. Akakhala m'mphepete mwa bedi usiku n'kufunsa ngati nayenso adzadwala monga mkulu wake, musamuyankhe kuti agone. Muuzeni dzina la matendawo, muuzeni kuti iye sadalakwe chilichonse, ndipo nenani kuti mkulu wake adamwalira, osati kuti adagona kapena adatisiya, chifukwa ana amamva mawu otere monga momwe alili.

Nkhani ya kuyamika ndi imene yandikhudza kwambiri, pakuti inenso ndine mayi amene adaikapo mwana m'manda. Anthu amatiuza, nthawi zambiri ndi mtima wabwino ndithu, kuti tiziyamika poti tili ndi ana ena, ngati kuti ana otsala ndi malipiro a amene adapita. Mtima wa mayi umakana mawu amenewa, ndipo ndikuona kuti umakana molondola. Taonani nkhani ya Yobu. Adataya nkhosa 7,000 ndi ngamira 3,000, ndipo pamapeto adalandira nkhosa 14,000 ndi ngamira 6,000. Koma ana ake, aamuna 7 ndi aakazi 3, sadawirikizidwe. Adabereka ena 10 okha basi. Omasulira Malemba ambiri akhala akunena kuti ana oyambawo sadawerengedwe ngati chuma chotayika, ndipo Yobu adakhalabe tate wa ana 20. Ine kumasulira kumeneku ndimakukhulupirira ndi mtima wonse. Inu ndinu mayi wa ana awiri mpaka lero, ndipo poyamika chifukwa cha mmodzi simukuchotsa mnzakeyo pa chiwerengero.

Musaganizenso kuti misozi yanu ndi umboni wa chikhulupiriro chofooka. Yesu adalira pa manda a Lazaro akudziwa bwino lomwe kuti amuukitsa tsiku lomwelo. Ngati wina wakuuzani kuti pofika pano munayenera kukhala mutadutsa magawo onse achisoni n'kufika povomereza, dziwani kuti magawo asanu otchukawo dokotala wa matenda a maganizo, Elisabeth Kübler-Ross, adawafotokoza mu 1969 kuchokera kwa odwala amene ankayembekezera imfa yawo, ndipo sadakonzedwe kuti akhale muyeso wa mayi woferedwa.

Chimene ndikukupemphani ndi chovutirapo. Lolani mwana wanu akule kupitirira pamene mkulu wake adalekezera. Tsiku lina mudzatulutsa diresi lomaliza la malemuyo m'sutikesi, mudzaliyerekeza pa mapewa a mng'ono wakeyu, n'kupeza kuti lamuchepera kale. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene iye achite, mayeso, kutha msinkhu, mabwenzi atsopano, chidzakhala chachilendo kwa inu, ndipo chilichonse chidzakukumbutsani zimene winayo sadazione. Ana amazindikira msanga nkhope ya mayi wawo ikagwa pa nthawi imene iwo akusangalala, ndipo ena amayamba kubisa chimwemwe chawo kapena kuyesetsa kukhala ngati malemuyo kuti mayi atonthole. Katundu ameneyu ndi wolemera kwambiri kwa mwana wa zaka 10. Pewani mawu akuti mkulu wako akanachita mwakuti, ngakhale mukunena moyamikira.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana amene akukulayu lisanafike, khalani naye pansi mumuuze kuti mwina mudzalira pa tsikulo, ndipo kuti misoziyo siidzatanthauza kuti iye wakukhumudwitsani. Popemphera tchulani maina a ana onse awiri, kenaka tsiku lonselo likhale la iye amene akukwanitsa zaka. Bambo ake, ngati alipo, muwauziretu zimenezi, chifukwa nawonso akuwerenga zaka zomwezo ngakhale sakunena. Mukaona kuti mwanayo akulephera kugona kwa masabata angapo, akukana kupita kusukulu, kapena akungokamba zoti nayenso afa, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi wodziwa za ana, ndipo inunso mukafotokoze zanu komweko.