Mwendo wamphamvu wokha sungamufikitse mwana wanu ku NFL

Mayi wina wa ku Indiana wandilembera imelo. Mnyamata wawo wa zaka 15 amasewera mpira wa miyendo, ndipo kochi wa mpira wa ku America pasukulu pake wamuona akumenya mpira kutali, akufuna amutenge akhale kicker, munthu amene ntchito yake ndi kumenya mpira kuti udutse pakati pa mizati iwiri ija. Mayiwa akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yoti munthu angadyere, kapena ngati mwanayo angotayirapo nthawi.

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa cha mawu amodzi amene munalemba, akuti mwana wanu "ali ndi mwendo". Makolo onse a anyamata omenya mpira amanena zomwezo, ndipo sanama. Koma ku America anyamata a mwendo wamphamvu ndi ochuluka kwambiri, pomwe NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, ili ndi matimu 32, ndipo timu iliyonse imasunga kicker mmodzi pakati pa osewera 53. Malo onse ndi 32 basi. Akapeza wabwino samusiya msanga. Adam Vinatieri anasewera masizoni 24 mpaka anapitirira zaka 45, Morten Andersen masizoni 25. Malo amene mwana wanu akuwalota mwina ali ndi mwini wake kale, ndipo mwini wakeyo alibe ganizo lochokapo.

Ndikufuna mudziwe za Gary Anderson, chifukwa mbiri yake ili ndi zonse zimene ntchitoyi imapereka ndi zimene imalanda. Anabadwira ku Parys ku South Africa mu 1959, nakulira ku Durban akusewera mpira wa miyendo ngati mwana wanuyo. Banja lawo linasamukira ku Pennsylvania iye ali ndi zaka 18, asanagwirepo n'komwe mpira wosongoka uku ndi uku wa ku America. Anapita ku yunivesite ya Syracuse, kumene poyamba ankasewera mipira yonse iwiri. Mu 1982, pa mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NFL amasankha osewera ochokera ku koleji, timu ya Buffalo Bills inamusankha koma inamuchotsa sizoni isanayambe, ndipo Pittsburgh Steelers inamutola, nakhalako masizoni 13. Anadutsanso ku Philadelphia ndi ku San Francisco, kenako mu 1998, ali ndi zaka 39, anafika ku Minnesota Vikings. Chaka chimenecho anachita chinthu chomwe munthu wina anali asanachitepo: anamenya ma field goal 35 (mpira womenyedwa pakati pa mizati, wa mapointi atatu), onse 35 analowa, anamenya ya pointi imodzi yotsatira touchdown (wosewera akafikitsa mpira mu golo, dera la kumapeto kwa bwalo) ka 59, yonse inalowa. Timu yake inapambana masewero 15 mwa 16.

Ndiye panafika pa 17 Januwale 1999, masewero olimbirana malo a ku Super Bowl, fainolo ya NFL, Vikings ikukumana ndi Atlanta Falcons pabwalo lofoleredwa la Metrodome, lopanda mphepo kapena mvula. Vikings inkatsogola 27 kwa 20, kutatsala mphindi ziwiri zokha. Anderson anaitanidwa kudzamenya mpira wa mayadi osakwana 40. Ukanalowa, kusiyana kukanakhala mapointi 10 ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Mpira unadutsa kunja kwa mzati wakumanzere pang'ono chabe. Atlanta inabweza, masewero anapita ku nthawi yowonjezera, ndipo Morten Andersen uja, wa ku Denmark, kicker wa Atlanta, analowetsa wa mayadi 38. Zinatha 30 kwa 27.

Mpaka lero ku Minnesota ukatchula dzina la Gary Anderson anthu amakumbukira mpira umodzi umenewo. Ine ndimati n'kupanda chilungamo, ndipo sindisintha maganizo. Ataphonya, Vikings inali ikutsogolabe ndi mapointi 7. Amene analola Atlanta kuyenda bwalo lonse mpaka Terance Mathis kugwira mpira mu golo kutatsala masekondi 49 anali otchinga kumbuyo. Amene analamula timu kuti ingogwada ndi mpira podikira nthawi yowonjezera, ali ndi akatswiri ogwira mpira Randy Moss ndi Cris Carter m'bwalo, anali kochi Dennis Green. Koma kulephera kwa anthu khumi ndi mmodzi sikuoneka bwino pa kanema, pomwe kwa kicker kumaonekera poyera, munthu ali yekha, bwalo lonse likumuyang'ana. Zili ngati wophonya penate yomaliza pa fainolo, timu yonse yataya mipata mphindi 90 koma dzina lotukwanidwa ku mabala ndi lake. Sizoni yotsatira Anderson analowetsa 19 mwa 30 yokha. Anadzabwereranso mwakale, mu 2000 anaposa George Blanda pa mapointi ochuluka m'mbiri ya ligi, ndipo anapuma mu 2004 ku Tennessee Titans ali ndi mapointi 2,434 pa masizoni 23. Zimenezi sizikambidwa kawirikawiri.

Timu yomweyo inaonanso zofanana mu Januwale 2016. Blair Walsh anali atalowetsa mipira itatu tsiku limenelo, mapointi onse 9 a Vikings anali ake, kuzizira kuli pafupifupi madigiri 21 a Celsius pansi pa ziro. Kumapeto anaphonya wa mayadi 27 ndipo Seattle inapambana 10 kwa 9. Pa kanema zinaoneka kuti zingwe za mpira zinayang'ana kwa womenya m'malo moyang'ana ku golo. Walsh sanalozere wina chala, koma mtima sunakhazikikenso, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anamuchotsa ntchito. Scott Norwood wa Buffalo anaphonya wa mayadi 47 pa Super Bowl ya mu 1991, timu yake n'kugonja 20 kwa 19, ndipo mpira wa mayadi 47 pa udzu nthawi imeneyo sunali wapafupi ngakhale pang'ono. Palibe amene amamuchotserako mlandu pa chifukwa chimenecho.

Mwina mukudabwa kuti osewera mpira wa miyendo analowa bwanji m'masewera a eni ake. Kale a ku America ankathamangira mpira molunjika n'kuumenya ndi nsonga ya nsapato yokhala ndi mphumi yafulati. Pete Gogolak, wobadwira ku Hungary, ndi amene anabwera ndi kamenyedwe kochokera chammbali atalowa Buffalo Bills mu 1964, ndipo poyamba ankamuona ngati wachilendo. Kenako kunabwera Jan Stenerud wa ku Norway, amene anapita ku Montana State pa sikolashipu ya masewera otsetsereka pa chipale chofewa, osati mpira. Pofika m'ma 1980 omenya ndi nsonga anali atatsala pang'ono kutha, ngakhale mmodzi wa iwo, Mark Moseley wa Washington, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 1982. Kumenya ndi pamwamba pa phazi kunapambana chifukwa fupa logunda mpira ndi lalikulu kuposa chala, komanso chiuno chonse chimazungulira n'kuwonjezera mphamvu. Choncho kochi wa mwana wanu sanapenge. Ndipo Anderson si yekha wochokera kuno kummwera kwa Africa: Greg Joseph, wobadwira ku Johannesburg, anamenyeranso Vikings yomweyo, nalowetsa wa mayadi 61 wopambanitsa timu mu Disembala 2022.

Zimene zimachitika pa sekondi imodzi ija

Anthu ogwira ntchitoyi ndi atatu. Woyamba amaponya mpira chambuyo kudzera pakati pa miyendo yake, wachiwiri wagwada mayadi 7 kapena 8 kumbuyo, amaugwira, kuuimika pansi ndi chala pamwamba, n'kuutembenuza kuti zingwe ziyang'ane ku golo, wachitatu ndiye amamenya. Zonsezi ziyenera kutha pa sekondi 1.3. Zikachedwa kuposa apo, adani othamanga chakumbali amafika n'kuutchinga. Ichi n'chifukwa chake kicker sadikira kuti aone mpira waima bwino. Amanyamuka mpira ukungofika m'manja mwa mnzake, akukhulupirira kuti akamafika aupeza uli pamalo. Zingwe zikayang'ana kwa iye phazi siligunda bwino, zikayang'ana kumbali mpira umakhotera mbali yomweyo.

Mtunda amawerenga motere. Mizati ili mayadi 10 kuseri kwa mzere wa golo, mpira umaikidwa mayadi 7 kapena 8 kumbuyo kwa pomwe timu yaima, ndiye timu ikaima pa yadi 30 kicker akumenya wa mayadi 47 kapena 48. Yadi imodzi ndi masentimita 91. Chitsulo chopingasa chili mamita 3.05 kuchokera pansi. Ku sekondale mizati imatalikirana mamita 7.11, ku koleji ndi ku NFL mamita 5.64 okha. Ku sekondale amaloledwanso kuika mpira pa kachidutswa ka rabala kokwera mpaka mainchesi awiri, pomwe ku koleji analetsa zimenezi mu 1989. Anyamata ambiri owala ku sekondale amathera pamenepa, golo lachepa, mpira uli pansi pa udzu, ndipo mpira wawo sukukweranso msanga kuti udutse manja a anthu aatali odumpha patsogolo pawo.

Wa mwendo wamanja amabwerera masitepe atatu kuchokera pa mpira, n'kupita awiri kumanzere, ndipo ayenera kuima pamalo omwewo nthawi zonse. Phazi lamanzere limaponda pambali pa mpira, motalikira pafupifupi masentimita 30, zala zitaloza pakati pa golo. Kakolo wa phazi lomenya amamangika, osagwedera, ndipo fupa la pamwamba pa chala chachikulu limagunda mmunsi pang'ono mwa pakati pa mpira. Akaponda mopitirira mpira, phazi limaugunda lisanawongoke ndipo umathawira kumanja. Akaponda asanaufike, chiuno chimakhala chitazungulira kale ndipo umakokedwera kumanzere. Akadzutsa mutu msanga kuti aone ngati walowa, thupi limadzuka nalo, amagunda pamwamba ndipo mpira umayenda chapansi. Vuto la ochokera ku mpira wa miyendo ndi lakuti anazolowera kukhotetsa mpira ndi kumenya zosiyanasiyana malinga ndi mmene zinthu zilili. Kuno akufuna kamenyedwe kamodzi, kosasintha, kaya ndi mayadi 20 kapena 55. Wofuna kuwonjezera mphamvu pa mpira wakutali ndi amene amauphonya.

Ndipo asanamenye amakhala atazizira pa benchi mwina ola lathunthu, akungomenyera mu kaneti kammbali. Akangoima, kochi wa adani amapempha kupuma dala kuti aganize kwambiri. Ngakhale ya pointi imodzi ija, imene kale inali yongotola, NFL inaibweza mu 2015 kukhala ya mayadi 33.

Za ndalama, popeza ndikudziwa kuti n'zimene mukufuna kumva. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano mu NFL anali madola 795,000 pa chaka, ndipo Harrison Butker wa Kansas City anasaina kontrakiti ya madola 25.6 miliyoni pa zaka zinayi. Ndi ndalama zambiri, ngakhale chaka chomwecho Dak Prescott, woponya mpira wa Dallas, anasaina ya madola 60 miliyoni pa chaka chimodzi. Koma makontrakiti ambiri a ma kicker wamba sateteza munthu. Ukaphonya iwiri Lamlungu, Lachiwiri timu imaitana anthu anayi kapena asanu osowa ntchito kudzayesedwa pabwalo lomwelo. Roberto Aguayo anali katswiri ku Florida State, Tampa Bay inamusankha m'gawo lachiwiri la mwambo wosankha osewera uja mu 2016, chinthu chosowa kwa kicker, ndipo patangotha sizoni imodzi anamuchotsa. Vinatieri ndi Justin Tucker, amene analowetsa wa mayadi 66 mu 2021, sanasankhidwe ndi timu iliyonse pochoka ku koleji. Ngakhale eni ligi sadziwa kulosera amene adzapirire.

Chitsanzo chimene ndingakonde mwana wanu achidziwe chili pafupi ndi kwanu komweko. Brandon Aubrey ankasewera mpira wa miyendo kumbuyo pa yunivesite ya Notre Dame ku Indiana, timu ya mpira wa miyendo ya Toronto FC inamusankha mu 2017, mpira utakanika anakagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ndi digiri yake. Ankaphunzira kumenya akaweruka, analowa ligi yaing'ono ya USFL mu 2022, ndipo mu 2023, ali ndi zaka 28, Dallas Cowboys inamutenga n'kulowetsa ma field goal 35 oyambirira motsatizana. Anatha kudikira zaka zonsezo chifukwa anali ndi ntchito yomudyetsa.

Ndiye muloleni ayese, Mayi, koma asasiye mpira wa miyendo chaka chino ngati makochi awiriwo angagwirizane, popeza m'madera ambiri masizoni ake amagundana. Asamenye tsiku lililonse: masiku atatu pa sabata, mipira 25 kapena 30, chifukwa minofu ya m'mphechepeche ndi ya kutsogolo kwa chiuno ndi imene imayamba kuvulala. Azijambula kamenyedwe kake pa foni kuchokera kumbuyo, ndipo pofika chaka chachitatu cha sekondale ayambe kumenyera pansi popanda rabala uja. Aphunzirenso kickoff, kumenya mpira koyambitsira masewero, chifukwa makochi a ku koleji amafuna mnyamata wofikitsa mpira mu golo kuchokera pa yadi 40 pomwe amamenyera ku sekondale, womwe ndi mtunda wa mayadi 60. Makampu monga a Kohl's Kicking ndi kumene amaonedwa ndi kuikidwa pa mndandanda, koma ndi olipira, ndipo limodzi pa chaka likwanira. Ma kicker ambiri amalowa timu ya koleji opanda sikolashipu n'kudzaipeza pambuyo akadziwonetsa, choncho sukulu muisankhe poyang'ana maphunziro ndi fizi imene mungathe kulipira nokha.