Koleji ya ntchito zamanja si malo otayirako mwana

Mayi wina wa pa Dedza boma wanditumizira imelo. Mwana wawo wakhoza MSCE koma mapointi sanamufikitse ku yunivesite, ndiye akufunsa ngati kumupititsa ku koleji ya m'dera yophunzitsa ntchito zamanja si kumuchotsera ulemu.

Mayi, nkhani ya ulemuyi ndiyo yatipweteka m'dziko muno. Tonse tikufuna mwana wovala tayi, koma paipi ikaphulika kunyumba timasaka pulambala tsiku lonse, n'kumulipira ndalama yomwe watchula osanenerera.

Makoleji a m'maderawa boma linawayambitsa mu 2015, ndipo kwanuko kuli ya Chongoni. Maphunziro ake amatsata dongosolo la TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Mwana amakwera gawo ndi gawo, kuyambira Level 1, ndipo amayesedwa pa zomwe manja ake apanga: khoma laongoka kodi, chitseko chikutsekeka? Koleji iliyonse ili ndi maluso ake, monga kumanga, ukalipentala, kuwotcherera ndi kusoka.

Pomwe zimasokonekera ndi pa attachment, nthawi yomwe mwana amapita kukaphunzirira ntchito pa shopu ya amisiri. Mwana akagwera shopu yopanda ntchito, amatha miyezi akusesa ndi kutumidwa chipisi, satifiketi n'kubwera manja ali osakhwima. Wowotcherera ayenera kugwira yekha makina, adziwe kuti chitsulo chopyapyala chimafuna rodi yowotcherera ya mamilimita 2.5 ndi moto wochepa, apo ayi chibooka. Akalipentala a ku Dedza nawonso ali ndi vuto lawo: matabwa a paini ndi osasowa, koma ambiri amagulitsidwa osauma. Ukakhomera tebulo thabwa laliwisi, likamauma limapindika, majointi n'kutseguka, kasitomala osabweranso. Mphunzitsi wosaphunzitsa kusanja matabwa pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo idutse, ameneyo akuba nthawi ya ana. Ndanena.

Ndiye mutani?

Pitani nokha kukolejiko tsiku la sukulu, muone ngati ana akugwira zipangizo kapena akungokopera notsi. Funsani maluso omwe alipo chaka chino, nthawi yolembetsa, ndiponso za malo ogona, chifukwa lendi ndi thiransipoti zikhoza kukudyerani zambiri. Musadikire koleji kuti imupezere shopu, yambani kulankhula ndi amisiri pano. Ndalama yomwe mukanalipira kuti abwereze Fomu 4 mugulire tepi, sikweya, hamala ndi sowo, zikhale zakezake.