Bolodi la zachitetezo pantchito: bwanji anthu amangolidutsa?

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito mu fakitale ina yake ya zitsulo, ndiye chaka chatha anandisankha kukhala mu komiti ya zachitetezo nkundipatsa ntchito yosamala notisi bodi. Koma abale ndatopa. Ndimamata mapepala, ndimaprinta mpaka zithunzi zamakala, palibe amene amaima kuwerenga, anthu amangodutsa ngati ndi khoma wamba. Sabata yatha mnzathu wina kachitsulo kanamuthethekera m'diso akugwiritsa ntchito girayinda, titamufunsa kuti bwanji simunavale magalasi akuti sindimadziwa kuti ndi lamulo, chonsecho pepala lake lili pabolodi pomwepo kuyambira Januwale. Kodi vuto ndi anthuwa kapena ndi ineyo? — Wotopa nazo

YANKHO: Pepani ndi za mnzanuyo, tikhulupirira akupezako bwino. Koma mwadziyankha nokha mukalata yanuyi, paja mwati "kuyambira Januwale". Pepala likakhala malo amodzi miyezi yonseyo maso amasiya kuliona. Si ulesi ayi, ndi mmene tinalengedwera basi, chinthu chosasintha mutu umangochiphatikiza ndi khoma. Inu nomwe tikufunseni pompano kuti chitseko cha kutoileti kuntchito kwanu ndi cha mtundu wanji, mwina muyamba mwaganiza kaye, chonsecho mumachigwira tsiku ndi tsiku.

Mawa mukafika mukaime patsogolo pa bolodilo ngati mlendo, muwerenge kuti pali mapepala angati. Mabolodi ambiri amene ife tawaonapo amakhala ndi memo ya zaka zitatu zapitazo yoti inafiira ndi dzuwa, makona ake anapindika, pamwamba pake wina anamatapo kuti akugulitsa foni, pambali pali ndandanda wa matchuthi, kenaka pansi penipeni, pobisika ndi kalendala, ndi pamene pali nambala ya ambulansi, mwinanso inasintha kalekale. Chotsani zonsezo. Zamalonda ndi zamatchuthi zipezeredwe bolodi lake, ili likhale la chitetezo ndi umoyo basi.

Mukatero ligaweni pawiri. Mbali imodzi ikhale ya zinthu zosasuntha, zoti munthu atapanikizika azipeze osasakasaka: manambala a ozimitsa moto ndi a chipatala, mapu osonyeza makomo othawira ndi malo okumanirana moto ukabuka, pamene pali bokosi la fesiti edi, komanso maina a anthu ophunzitsidwa fesiti edi. Maina okha sakwana, ikaniponso zithunzi zawo ngati eni ake avomera, ndi shifiti imene amagwira, chifukwa watsopano sadziwa kuti dzina limeneli ndi la nkhope iti, ndipo palibe phindu kuthamangira munthu woti anaweruka nthawi ya 5 koloko. Mbali inayo ndi imene izisintha. Uthenga umodzi, waukulu, wa mawu ochepa oti munthu awerenge ali patali mapazi angapo, ukhale sabata imodzi kapena ziwiri nkuuchotsa. Pakona ya pepala lililonse lembani tsiku lomata ndi tsiku lochotsa, kuti ngakhale inu muli pa tchuthi wina adziwe chochita.

Nanga bolodilo lili pati? Ngati lili mkolido ya ku maofesi a mabwana ndiye iwalani, palibe amaima pamenepo, aliyense amadutsa mothamanga kuopa kufunsidwa kuti mukutani kuno. Liikeni pamene anthu amaima kale mwa okha, monga pamzere wosainira pobwera ndi poweruka, pafupi ndi malo osinthira zovala kapena pomwera madzi. Likhale mulingo wa maso, ndipo mukapiteko usiku tsiku lina mukaone ngati a shifiti ya usiku amatha kuwerenga kapena pamangokhala mdima.

Tsopano nkhani ya magalasi ija, apa ndi pamene tikufuna mutimvetse. Uthenga umenewo malo ake enieni si pabolodi, ndi pa girayinda pomwepo, pamene munthu akutambasula dzanja kuti ayatse makina. Pali zizindikiro zimene zimadziwika padziko lonse, zili mu muyezo wotchedwa ISO 7010 umene unayamba kutuluka mu 2003. Chozungulira cha buluu chimatanthauza kuti chitani ichi, monga kuvala magalasi, helemeti kapena zotseka m'makutu. Chozungulira chofiira chokhala ndi mzere wodutsa pakati ndi choletsa. Cha makona atatu chachikasu ndi chenjezo. Chobiriwira cha makona anayi chimaloza kothawira kapena kwa fesiti edi, pamene chofiira cha makona anayi chimaonetsa pali zozimitsira moto. Ubwino wake ngakhale munthu woti kuwerenga kumamuvuta amamva. Ndiye chabuluu cha magalasi chikhomedwe pamakinapo, magalasi enieniwo apachikidwe pambali pake, osati atsekeredwe mu sitolo makiyi ali ndi munthu amene wapita ku lanchi. Ndipo tikufunseni, girayindayo gadi yake, chotchinga chimene chimaphimba mbali ya gudumu lake, ilipo? Chifukwa malo ambiri amachotsa ati ikuchedwetsa ntchito, ndiye pamenepo pepala lingathandize chani.

Chinenero nachonso. Memo zambiri zimalembedwa mchizungu chovuta cha maloya, ndime zitalizitali, pamene ogwira ntchito pansipa amalankhula china. Lembani mmene anthuwo amalankhulira. Chithunzi chojambula makina anu enieni, pamalo pamene aliyense akupadziwa, chimaimitsa munthu kuposa chithunzi chokongola chotenga pa intaneti.

Bolodi silidzilankhulira lokha, pemphani masupavaiza kuti uthenga watsopano ukamatidwa asonkhanitse anthu pamenepo mphindi 5 shifiti isanayambe, awerenge mokweza, anthu afunse. Komanso siyani kagawo kena kolembapo "Munanena" ndi "Tachita". Wina akanena kuti waya wa magetsi uli pamtunda pafupi ndi thanki ya madzi, zilembedwe, ukakonzedwa zilembedwenso ndi deti yake. Kagawo aka ndi kamene anthu amawerenga kwambiri chifukwa ndi nkhani zawo, koma chenjerani, mbali ya "Tachita" ikangokhala yopanda kanthu miyezi iwiri anthu asiya kunena chilichonse.

FUNSO: Kwathu kuntchito abwana akufuna tiike nambala yaikulu pabolodi yosonyeza masiku amene tatha popanda ngozi, akuti tikafika masiku 100 kukhala mphatso. Ndi nzeru yabwino? — Kalaliki wa komiti

YANKHO: Zimaoneka bwino ndithu kwa alendo, koma ife sitimazikonda kwenikweni. Taganizani, mwafika tsiku la 96, mnyamata wina watsopano wadzipweteka chala, kodi akanena kuti nambala ibwerere pa ziro anzake onse aluze mphatso chifukwa cha iye? Angomanga kansanza nkukhala chete, bala litukusire kunyumba, ndipo chimene chinamupwetekacho chikhala pomwepo kudikira wina. Ngati abwana akakamira nambala, awuzeni muziwerenga zina, monga ngozi zongotsala pang'ono kuchitika zimene anthu anena mwezi uno, ndi zoopsa zingati zimene zakonzedwa. Mphatso ipite kwa amene waona vuto nkulinena. Ngozi ikachitika lembani chimene chinachitika ndi chimene mwasintha, dzina la wovulala kapena matenda ake zisafike pabolodi.

Pomaliza, kwa nonse awiri, mwina mukudzifunsa kuti kukonza bolodi muyambe liti. Ngati mukufuna deti yoti abwana asakane, pa 28 Epulo ndi tsiku lokumbukira chitetezo ndi umoyo pantchito padziko lonse, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linayamba kulikumbukira mu 2003. Koma mapepala akalewo musadikire Epulo, kachotseni Lolemba likubwerali.