Magalasi ali m'chikwama, mwana ali kumbuyo kwa kalasi

Mayi wina wa ku Khombedza wandilembera imelo, akuti mwana wake wa Sitandade 6 anamupatsa magalasi kuchipatala koma savala, amangokhala m'chikwama chifukwa aphunzitsi ake anamuuza kuti magalasi amatha maso. Akufunsa kuti atani.

Mayi, imelo yanuyi yandiwawitsa mtima, zimenezi ndinadutsamo ine.

Ndinakulira cha ku Chipoka, ndipo ndinayamba sukulu nthawi imene pulayimale inangokhala yaulere mu 1994, ana tinadzaza mpaka ena pansi pa mtengo, bolodi yotuwa, choko nachonso chosagwira. Pofika Sitandade 4 ine pabolodi ndinkangoona ngati utsi. Ndinkakopera kwa mnzanga, iye akajomba ndiye kuti tsiku limenelo kope langa loyera, kenako chikwapu, eti ndine waulesi. Zaka zitatu palibe mphunzitsi anandifunsapo kuti iwe kodi ukuona? Ndipo mwana sangadandaule, amaganiza kuti aliyense amaona chomwecho.

Mu Sitandade 7 ndi m'mene kunabwera madamu ena ovala mandala. Sabata isanathe anaona kuti ndimafinya maso, anandikhazika kutsogolo, kenako anayenda wapansi dzuwa la ku Salima lija mpaka kwathu kukalankhula ndi bambo. Bambo anayamba akana, amati magalasi ndi a mabwana a mu ofesi osati mwana wa msodzi, koma poti anena ndi aphunzitsi anagulitsa mbuzi tinapita kuchipatala cha Nkhoma, anandipatsa magalasi. Usiku umene ndinabwerako ndinaima kunyanja, nyali za asodzi a usipa zija ndinkaziona ngati chiwalitsiro chimodzi chija, ndinaziwerenga imodziimodzi. Ndinalira.

Kusukulu anzanga anayamba kunditcha agogo. Madamu anangovula awo n'kunena kuti woseka uyu akuseka ine. Zinathera pomwepo.

Ndiye ndinene mosabisa, kumudzi kuno mphunzitsi ali ndi mphamvu pa maso a mwana kuposa dokotala. Dokotala amamuona mwana mphindi zochepa, mphunzitsi ali naye tsiku lonse ndipo mawu ake makolo sawatsutsa. Mphunzitsi wouza mwana kuti magalasi amatha maso akumulakwira kwambiri, ngakhale akunena mosadziwa. Magalasi sawononga maso ayi. Mwana amene saona patali, diso lake limakhala lotalikirako pang'ono ndiye chithunzi sichifika bwino kumbuyo kwa diso, galasi limangokonza pamenepo basi. Mwana akamakula diso limasinthanso, mphamvu ya magalasi n'kufunika kuwonjezera, ndiye anthu amati aha, amuwononga ndi magalasi aja, chonsecho akanakhala osavala zikanasinthabe.

Ndipo si kuno kokha. Ku China, m'midzi ya ku Gansu ndi Shaanxi, kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti ana amene anapatsidwa magalasi aulere anakhoza bwino masamu kuposa anzawo, koma ngakhale anali aulere ambiri sankavalabe. Kupatsa kokha sikukwanira, pamafunika wina m'kalasimo woti azinena kuti tavala tiyambe.

Chinanso chimandipweteka, aphunzitsi atha kuyeza okha ana ndi tchati cha zilembo E zoyang'ana mbali zosiyanasiyana, mwana kuima mamita 6, kutseka diso limodzi n'kumaloza kumene miyendo ya E yayang'ana. Ngakhale wa Sitandade 1 wosadziwa kuwerenga angathe. Mzuzu University ikuphunzitsa akatswiri oyeza maso, koma mwana wa ku Khombedza akafika bwanji kwa iwo ngati palibe wamuzindikira? Komanso chonde magalasi ogula pamsika aja musamupatse mwana, ambiri ndi owerengera akuluakulu, saona nawo patali.

Ndiye mutani mayi?

Pitani kusukulu nokha, buku lachipatala m'manja, mulankhule ndi aphunzitsiwo mwaulemu, osati pamaso pa ana. Muwapemphe kuti azimukumbutsa kuvala ndi kumukhazika kutsogolo. Akakana onanani ndi ahedi kapena amayi a Mother Group. Mwanayonso mumufunse bwinobwino, mwina akumuseka, mwina akumuthina m'makutu. Ngati mutu ukumupweteka akavala mpaka masabata awiri osasintha, bwererani naye kumene anamuyeza akaonenso mphamvu yake.